Tcheni Chimene Ndinagula ndi Luzi

Bwerani nalo kuno lichero la mtedzalo, tiziswa tikucheza. Iwe Yankho, foniyo ika m'thumba, siithawa. Mukuwamva makina akulira kutsidya kwa dambo uko? Ndi odulira mitengo amenewo, aja inu mumati tcheniso. Amene wawagwirayo tcheni chake n'chokhwepa, ndikumva m'kaliridwe kake, ndipo akapanda kuima kuti amange chimuvukira posachedwapa. Mukuseka? Makutu angawa akalamba, inde, agogo anu aakazi akandituma ndimamva theka, koma pa makina amenewo sanandinamizepo.

Inu mwabadwa mitengo ikugwa ngati mapesi. Ife tinakulira pa sowo ya anthu awiri, kwathu ku Dedza. Tinkakumba dzenje, kugoneka chipika pamwamba pake, wina kukwera, wina kulowa pansi. Ine ndinali wapansi, ndipo utuchi ndinaudya wokwanira moyo wonse: m'maso, m'makutu, mpaka m'matumba a kabudula. Thabwa limodzi kulimaliza dzuwa lili paliwombo, m'mimba muli chinangwa chootcha ndi chipanda cha thobwa basi. Koma manja anali manja nthawi imeneyo, osati anuwa oti mtedza khumi mwayamba kale kuuzira zala.

Chimene chinatichotsa ku Dedza ndi malo. Munda wa kwawo kwa agogo anu, a Nambewe, anagawana anthu asanu a bere limodzi, ndipo gawo lathu linali loti ukaponya khasu likagwera m'chimanga cha mlamu wako. Ndiye zipani zambiri zitangoyamba, aliyense akuimika zala m'mwamba pamsewu, ife tinakwera lole ndi mphasa zathu kubwera kuno ku Mchinji, pa esiteti ina ya fodya cha ku Kachebere. Anatipatsa nyumba ya zipinda ziwiri, yamalata. Malata, ana inu! Tsiku loyamba kugwa mvula ndinangokhala pakati pa nyumba kudikira kuti pena padonthe, osadontha. Sukulu inalinso pafupi, ndipo mwana wathu Lute, mayi ako iwe Mada, azakhali anu enanu, ankapita wapansi osatuluka thukuta. Kumene tinachokera kunalibenso kobwerera, zimenezo muzisunge m'mutu.

A Nambewe anabwera ndi makina awo osokera, opondaponda aja ali kuchipinda, n'kuwaika pakhonde. Inali nthawi imene akazi anali atangololedwa kuvala mathalauza, ndipo atsikana a pa esiteti anachita ngati awatsegulira khola. Inu mukuona ngati thalauza la mkazi linayamba ndi Hava, iwe Mada ndi lako long'ambika m'mawondolo. Iwo ankagula a pa kaunjika, ambiri a zipi zakufa, n'kubwera nawo kwa agogo anu. Anali ndi chitini cha mkaka chodzaza zipi zong'ambula ku zovala zakutha, zazitsulo, zapulasitiki, za mano aakulu, za mano aang'ono. Ine ndinkawanena kuti akuweta zinyalala m'nyumba.

Ntchito yanga inali ya nkhuni. Fodya wa pamenepo sanali woyanika m'zigafa ngati fodya wa bale wa amalume anu, anali wowotcha m'mabalani. Mukapachika fodya m'balani n'kukoleza moto, motowo usazime pafupifupi sabata yathunthu. Ukazima pakati, tsamba limachita thukuta, kuda, kuwola, ntchito ya dzinja lonse yapita. Ndipo balani limadya nkhuni kuposa maliro. Mwini esiteti, bwana wina wa ku Lilongwe, ataona kuti nkhwangwa sizikukwanitsa, anabweretsa makina odulira mitengo ogula kwa munthu, n'kunena kuti awagwire wa ku Dedza uja, amadziwa mitengo. Tsiku limenelo ndinayenda mapewa ali m'mwamba, moni ndikupereka ndi mutu wokha.

Kuti muimve bwino nkhaniyi, makinawo ali ndi zinthu zitatu zoyenera kumvana. Pali chitsulo chachitali chophwatalala, timachitcha baa, ndipo m'mphepete mwake monse muli kangalande. Pali tcheni: kunja kuli mano odula, m'kati muli timiyendo toyenda m'kangalandemo. Ndiye pafupi ndi injini pali kagudumu ka mano, sipuloketi, kamene kamakoka timiyendoto, monga pa njinga yako iwe Chisomo, imene suithira n'komwe mafuta. Kunola mano ndinkadziwa, poti tupa ndinakula nayo. Za timiyendo ndi kagudumu sindinkaziganizira, zinkangoyenda zokha.

Chaka chimene Lute anali mu Sitandade 8, mu Febuluwale, mabalani onse anayi ali pamoto, tcheni chinatha. Mano anali atatsala tizidutswa chifukwa chonola. Kapitawo wathu, a Soko, munthu wosakonda kubwereza mawu, anati, “Mawa mulawire ku Chipata mukagule china, ku Lilongwe n'kutali. Koma makina asaime, a Daka azichekabe ndi chakalecho.” A Daka anali mnzanga wa pa nkhuni, bambo wa konkuno.

Tsono chakale chikatsala, ndikagula bwanji cholingana nacho? Apa ndi pamene nzeru za kumudzi zinandipereka. Inu nsapato mumakayesa nokha m'sitolo, kudziyang'ana pagalasi, kukana iyi kukana iyo. Ife kale mwana sankapita kusitolo. Tinkatenga luzi, kuyeza phazi lake, kumanga mfundo, n'kuika m'thumba. Chitseko, galasi la zenera, ngakhale bokosi la maliro, zonse luzi, ndipo silinandichititsepo manyazi. Ndiye ndinachotsa tcheni, kuchitambasula pansi, kuyeza bwinobwino, mfundo uku mfundo uku. Ndinabwereza kawiri kuopa kulakwitsa.

Ndinapalasa njinga kudutsa pa boda. Masiku amenewo ife a m'malire muno tinkalembetsa kapepala ka tsiku limodzi n'kuoloka, ku Chipata kunali ngati kuseri kwa nyumba. Malole ali ndanda, osintha ndalama akukuthamangira ngati abale ako, azimayi atasenza zitenje ndi sopo. M'sitolo ya zitsulo ndinatulutsa luzi langa. Mwini sitolo, mkulu wina wamagalasi, anatsitsa matcheni atatu pa msomali n'kumayesa chilichonse pa luzi. Chachitatu chinafika pa mfundo ndendende. Chatsopano, chonyezimira, chonunkhira mafuta. Ndinabwerera ndikuimba nyimbo za kwaya, Lute nditamugulira mabolopeni awiri a mayeso.

Ndinapeza a Daka atakhala pa chipika, tcheni chakale chitaduka pawiri. Ndinati musadandaule, nachi china. Pa baa chinazungulira bwino, utali wake wokwana. Koma pa kagudumu chinakana kukhala. Kamwendo kamodzi kakalowa, kachiwiri kakwera pa dzino. Ndikakoka ndi dzanja, pena gwa, pena lende. A Daka anati n'chatsopano, chizolowera chikatentha. Ndinaliza injini. Sindinafike n'komwe pa mtengo: tcheni chinavuka, kukwapula jombo ya a Daka n'kuing'amba mpaka chala kuonekera. Akanakhala kuti sanavale kanthu, bwenzi atapunduka tsiku limenelo.

Anthu anasonkhana, ndipo mukudziwa kuti pa chinthu choonongeka aliyense ndi makaniko. Wina akuti chinyikeni mu oyilo wakuda. Wina akuti kangalande kakula, menyani baa ndi hamala kuti kapanikize, ndipo tinamenyadi. Wina kunong'ona kuti alipo amene sanakondwe kuti makina anapatsidwa kwa obwera. Tinayesanso kawiri, kawiri konse kuvuka. A Soko anayang'ana mulu wa nkhuni, n'kuyang'ana ine.

“Nkhuni izi zifika Loweruka m'mawa basi. Loweruka lomwelo bwana akubwera. Akapeza mabalani atazizira, ine sindikuikirani kumbuyo, a Phiri. Mupakira, inu ndi banja lanu.”

Linali Lachitatu. M'maso mwanga ndinangoona lole, mphasa, ndi Lute akusiya sukulu mayeso ali pakhomo.

Lachinayi tinagwira nkhwangwa tsiku lonse, koma nkhwangwa zinayi sizidyetsa mabalani anayi. Dzuwa litapendeka ndinanyamula makina kupita nawo kunyumba n'kuwaika pakhonde. Ndinali nditaganiza kale chochita: ngati timiyendo tikukwera pa mano a kagudumu, ndipala manowo ndi tupa mpaka agonje. Ndinachotsa chivindikiro, kukhala pansi, tupa m'manja. Makina osokera kumbuyo kwanga anasiya kulira.

“Bambo a Lute, mukufuna kutani pamenepo?”

“Za amuna izi, mayi. Inu zisokani.”

“Ndafunsa bwinobwino. Mukupala chiyani?”

“Kagudumu aka kakukana tcheni. Ndikachepetse mano.”

“Kagudumuko dzana kanali bwino?”

“Kanali bwino.”

“Ndiye chachilendo n'chiti apa, kagudumu kapena tcheni? Malaya akapanda kukwana, ine ndimadula mwini wakeyo? Tandipatsani zonse ziwiri, chakale ndi chatsopano.”

Ndinawapatsa mokwiya, ndisaname. Anachotsa siketi ya eni ake pa tebulo la makina, kuyala sanza, n'kugoneka matcheni awiriwo moyandikana, kamwendo koyamba pa kamwendo koyamba. Kachiwiri kanasiyana pang'ono, kachitatu kuposerapo, pofika kachisanu kena kali apa kena kali apo. Anawerenga ndi nsonga ya sizasi, milomo ikugwedera. Chakale, zidutswa zonse ziwiri, timiyendo 72. Chatsopano 83. Koma utali umodzimodzi.

Kenaka anatsegula chitini cha zinyalala chija, kutulutsa zipi ziwiri zotalika mofanana, ina ya mano aakulu ina ya aang'ono. “Tengani kamutu ka iyi muike pa iyo.” Ndinayesa, osalowa. “Mwaona? Tcheni chanuchi chimaponda pafupipafupi, kagudumu kanapangidwira choponda patalipatali. Luzi lanu lakuuzani utali basi. Mukapala kagudumuko mupha makina onse, ndipo ngakhale tcheni choona chitabwera sichipeza pogwira.”

Ana inu, tupa inali itakhudza kale dzino limodzi. Amuna khumi tinazungulira makina aja dzulo lake, ena a ndevu zaimvi, palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza zoyandikiza chakale ndi chatsopano.

Kubwerera ku Chipata ine sindikanatha. Kuchoka pa nkhwangwa kunali kuuza a Soko kuti ndinagula cholakwika, komanso nkhuni zikanacheperatu. A Nambewe anati, “Ndipita ndine. Ulusi ndikamakagula ndimatenga kansalu kake, sindidalira maso a wogulitsa.” Lachisanu m'mawa anamanga kachidutswa ka tcheni chakale pa ngodya ya mpango, chatsopano m'jumbo, ndipo baa anaikulunga m'shawelo n'kuibereka kumbuyo ndi chitenje kuti a pa esiteti asadziwe. Pa matola mayi wina akuti anafunsa, “Mwanayu bwanji wangoti zii chichokere?” Iwo anati ngofatsa, watengera bambo ake. Pa boda anamasula n'kuonetsa, ndipo wa yunifolomu anaseka mpaka kuitana anzake.

Za m'sitolo ndinamva kwa iwo, ndiponso pambuyo pake kwa mwini sitolo yemweyo, amene sanawaiwale. Poyamba anakana.

“Manje imwe amai, katundu ikachoka pano siibwelela. Amuna anu anapima okha na nthambo yao.”

“Anapima okha, inde. Koma inu mumagulitsa zinthuzi tsiku ndi tsiku. Munthu wabwera ndi luzi, osamufunsa kuti makina ake ngotani? Chanu nachi, sichinalawe n'komwe mtengo. Ine ndikhala pakhomo panu pano mpaka mundisinthire, ndipo aliyense wolowa ndizimuuza chimene ndakhalira.”

Anakhaladi, mwana wawo wachitsulo ali pamiyendo. Atalowa ogula atatu n'kuimva nkhaniyo, mkulu uja anagonja, kutulutsa china. Agogo anu anachiyandikiza ndi kachidutswa kaja: kuponda kwake kofanana. Ndikanakhala ine ndikanatenga pomwepo n'kuthokoza. Iwo anachilowetsa m'kangalande ka baa n'kuchigwedeza ndi chala. Chinkagwedera, timiyendo tinali topyapyala. Anabweza. Chachiwiri chinalowa mosapanikiza, mosagwedera, koma chinali cha pa mpukutu, chofunika kudula ndi kulumikiza. Anawerenga okha mokweza mpaka 72, chala chili pomwepo, mkuluyo n'kudula. Akuti anawafunsa, “Kansi ndimwe makaniko?” Iwo anati, “Ndine telala.”

Pobwera mvula inawapeza, matola kulibe, anayenda wapansi kuchokera ku msewu waukulu, masilipasi m'manja. Anafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa, matope mpaka m'mawondo, osalawa kanthu tsiku lonse. Ndinati khalani kaye mumwe tiyi, iwo anati ikani kaye ndione. Ndinaika. Timiyendo tinakhala m'kagudumu tokha, osakakamiza. Koma ndikukoka, tcheni chinafika pena n'kuima. A Nambewe anatenga kachidutswa kakale kaja n'kumakayendetsa m'kangalande pang'onopang'ono, maso atatsinzina, mmene amachitira pofufuza polakwika pa msoko. “Apa. Munamenya apa?” Panali pa hamala yathu paja. Ndinakanula pang'ono ndi sikuludilaiva, kusalaza ndi tupa, iwo n'kutokosa ndi pini utuchi umene unatseka kabowo ka mafuta. Nditamanga, tcheni chinazungulira ndi zala ziwiri zokha.

Loweruka kutangocha tinali kale ku mitengo. Nkhuni zotsala pa mabalani zinali zoti munthu mmodzi anyamule pamutu. Makina analira kulira kwake kwenikweni, ndipo zipika za bulugama zouma zinayamba kugawika anthu asanamwe tiyi. Ngolo zinkangosinthana, a Daka akupakira ndi jombo yawo yong'ambika. Pamene galimoto ya bwana imalowa, mabalani onse anayi utsi uli tolotolo.

A Soko anali atamutumizira kale mawu bwana kuti makina avuta. Ndiye bwanayo anaima pa mabalani, anthu atazungulira, azimayi osankha fodya akusuzumira m'shedi, a Nambewe nawonso atabwera ndi chakudya changa. Anafunsa, “Nanga wakonza ndani? Munaitana makaniko?”

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule dzina la agogo anu. Ndikulumbira, ndinatsegula. Koma iwo anandipitirira, atagwada poteropo ndi mbale zawo. “Bambo a Lute omwewa, bwana. Alimbana nawo masiku atatu osapuma.” Anandiyang'ana ndi diso lija mumalidziwa, limene limati tseka pakamwa. Bwana anandigwira dzanja, n'kuuza a Soko kuti munthu uyu musamutaye. Dzina loti Injiniya, limene mumamva anthu akundiitana ku tchalitchi, linabadwa tsiku limenelo.

Titafika kunyumba ndinawafunsa chifukwa chake, manyazi atandigwira. Anati, “Mukanati wakonza ndi mkazi wanga, akanaseka, kenaka akanafunsa kuti nanga inuyo mumadziwa chiyani. Mwezi usanathe akanapeza wina. Ine ku Chipata ndinapitira nyumba ino ndi sukulu ya mwana. Dzinalo khalani nalo, ndilibe nalo ntchito. Ndipo musadzauze munthu.” Atatero anapempha madzi otentha oti aviikemo mapazi, anali atatupa.

Tinakhala pa esiteti ija zaka zina zisanu ndi zinayi. Lute analemba mayeso, kusankhidwa kupita ku sekondale, ndipo m'mbuyo mwake anapitanso bambo ako iwe Yankho, ngakhale iwo mabuku ankawaona ngati mankhwala owawa. Makina odula mitengo anachuluka m'zaka zimenezo, mapiri n'kuyamba kuyera, ndipo ena mwa mitengo imeneyo ili pamutu panga, sindikana. Anthu ankachokera kutali kubwera ndi makina awo kwa Injiniya, ine n'kumayala chakale ndi chatsopano, kuwerenga timiyendo, kuyesa m'kangalande, nkhope ili gwa ngati ndinabadwa nazo. Agogo anu ali pakhonde pomwepo akupondaponda makina awo, osadzutsa n'komwe mutu. Munthu wotero sindinamuonenso wina, ndipo ndimawanyadira kuposa mmene pakamwa panga pangathere kunena.

Esiteti ija inatsekedwa kale, a Soko anatisiya, nyumba ino tinamanga tokha pa malo athu. Palibenso wotiuza kuti pakirani. Ndiye lero ndaswa lamulo la agogo anu, ndipo akamva andikalipira mpaka mawa. Koma inu mudziwe, mukauzenso makolo anu, poti nawonso sadziwa: makina aja sindinakonze ine. Anakonza ndi a Nambewe.